Kusintha zoseweretsa ana m'holo ya khonsolo: yambani ndi denga, zogula pambuyo

Kuno ku Mulanje mvula ikayamba mu Novembala, mwana wa zaka zitatu amasowa posewerera mpaka Epulo. Pabwalo pamakhala matope okhaokha. Mvula ikangotsanzika, sipapita nthawi chiperoni chatsika ndi mawawa ake, ndipo ku Thyolo n'chimodzimodzi. Choncho kachipinda ka ana ka m'holo ya khonsolo si ka mwanaalirenji ayi. Amayi akabwera ku banki m'khonde, ku maphunziro osoka kapena ku msonkhano wa chitukuko, ana awo amakhala m'menemo, ndipo masiku ena alezi a sukulu ya mkombaphala amabwereka chipindacho.

Ndinakhalapo m'komiti imene inachotsa zoseweretsa zakale m'chipinda chotere n'kuikamo zina. Chimene chinatidzidzimutsa ndi kamtsikana kena kamene kanalowetsa miyendo pakati pa zitsulo ziwiri za kansanja, thupi n'kudutsa, mutu n'kukanirira. Mayi wina anali pafupi, anakanyamula msanga, ndipo kanangolira basi. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndingatsate atandiuza kuti ndiyambirenso ntchitoyi mawa, ndipo mutu wake ndi umodzi: chinthu chimene kalipentala kapena wowotcherera wa pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe sangathe kuchikonza chikathyoka, musachilowetse m'chipinda cha ana.

Tsekani kaye, kenako gwadani

Tsiku limene mwagwirizana kuti zoseweretsazo zatha, ikani loko pachitseko. Musanene kuti ana azingosewera mbali imene ikadali yabwino, chifukwa mwana sadziwa malire otere. Uzani makolo chifukwa chake ndi nthawi imene mukuyembekeza kutsekula, ndipo pezani pena poti ana azikhala, ngakhale pakhonde poyala mphasa.

Mukatero lowani anthu atatu kapena anayi ndi kope, tepi yoyezera ndi msomali wa sikisi inchi. Gwadani ndithu, muyende ndi mawondo, kuti muone chipindacho monga amachionera mwana. Muli chiimire simungaone bawuti yotulukira kunsi kwa thabwa, kapena waya wamagetsi wosupuka kuseri kwa bokosi. Thabwa lililonse libayeni ndi msomali uja, makamaka m'munsi mogunda simenti. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya penti ali gwa, paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Miyendo yachitsulo igwedezeni, dzimbiri limayambira pansi pamene pamafika madzi okolopera. Masiponji anunkhizeni. Akamamveka chuku ndiye kuti madzi analowa m'kati, ndipo siponji yotere ngakhale muiyanike sabata yathunthu sibwerera.

Lembani zonse m'magulu awiri okha, chokonzeka ndi chotaya. Mukakayika, chiikeni ku zotaya.

Denga, makoma ndi pansi

Apa m'pamene makomiti ambiri amadumpha, poti kukonza denga sikuoneka pa chithunzi cha tsiku lotsegulira. Koma kuika masiponji atsopano pansi pa lata lodontha n'kutaya ndalama m'madzi. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, nyumba zambiri m'maboma athu ano zinatsala ndi ming'alu ndi makoma onyowa, ndipo zina zinangopakidwa laimu pamwamba. Itanani mmisiri womanga aone ngati mng'alu uli wa pulasitala chabe kapena wafika m'njerwa. Akwere aone mitanda ya denga ndi misomali ya malata. Ngati pali siling'i, yang'anani mabanga abulauni, ndiwo amaulula podontha. Kunja, ngalande ichotse madzi kutali ndi khoma, chifukwa chinyontho chambiri chimakwera kuchokera m'nthaka.

Mazenera akhale mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa. Galasi limene lili pamsinkhu wa mwana lichotsedwe kapena litchingidwe. Masoketi akwezedwe pamene dzanja la mwana silifika, ndipo ntchitoyi agwire wamagetsi wodziwa, osati wongoyerekeza. Chitseko chizitsekukira kunja. Ngati pakhomo pali masitepe, ino ndiyo nthawi youmba potsetsereka pa njinga ya mwana wolumala: pokwera masentimita 10 pamafunika mtunda wa masentimita 120, ndipo khomo likhale lotambalala masentimita 90.

Ntchito yonseyi iyikeni pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Simenti ndi penti siziuma bwino m'chiperoni, ndipo mukachedwa mpaka Disembala mmisiri adzakhala akuthawa mvula padenga.

Kukhonsolo

Holo ndi ya khonsolo, kotero katundu wa m'katimo ndi wa boma ngakhale atachita dzimbiri chotani. Komiti ikangozula zitsulo n'kugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, mawa lake pamabuka mlandu, ndipo anthu abwinobwino amatchedwa akuba. Lembani kalata yopita kwa akuluakulu a khonsolo, muikemo mndandanda uja ndi zithunzi zojambula pafoni, mupemphe chilolezo cholembedwa chochotsera katunduyo, ndipo iwo anene kumene apite. Pemphaninso kuti wa ku ofesi yoona zomangamanga ndi wa ku ofesi yosamalira anthu adzaone mapulani anu asanayambe mmisiri. Kalatayo idzere ku komiti ya chitukuko ya m'dera, kuti amfumu ndi akhansala asadzamvere pamsewu.

Za ndalama sindichulukitsa, dera lililonse lili ndi khomo lake logogoda: thumba la chitukuko, mipingo, eni mabizinesi, makampani a tiyi oyandikana nanu, makolo eni ake. Chimene ndingakakamire n'chakuti ndalama mwapezazo muzigawe musanaone kotesheni iliyonse. Gawo loyamba ndi la denga ndi makoma, lachiwiri ndi la zoyala pansi, lachitatu ndi la zoseweretsa, ndipo kachigawo kena kasungidwe kodzakonzera chaka chamawa. Wina akafuna kukupatsani zoseweretsa zaulere zochokera kunja, thokozani, koma muziyeze ndi miyeso imene ili m'munsiyi monga china chilichonse. Pulasitiki yokhalitsa padzuwa imasweka ngati chigoba cha dzira, ndipo palibe wowotcherera angailumikize.

Jambulani ndi choko pansi

Chipinda chikakhala chopanda kanthu m'maganizo mwanu, khalani pansi ndi alezi ndi amayi amene amabwera kawirikawiri. Afunseni kuti ana amabwera angati pa tsiku lodzaza, ndipo ambiri ndi a msinkhu wanji. Kwathu tinapeza kuti ochuluka anali osakwana zaka zisanu, pamene zoseweretsa zakale zinali zoyenera ana a ku pulayimale.

Tengani choko mujambule pasimenti. Ngodya imodzi, kutali ndi khomo, ikhale ya okwawa ndi ongoyamba kuyenda, yotchingidwa ndi kampanda kafupi kuti akuluakulu othamanga asawaponde. Mbali ina ikhale ya chokwerapo ndi chotsetserekapo. Pakati pasiyeni pambalambanda. Ana athu safuna zambiri kuti asewere: pansi pojambula mizere ya phada, kangodya ka masanje kokhala ndi timiphika ndi timipando, khoma lopaka penti wakuda loti azilembapo, ng'oma yaing'ono, timatabwa tosalala tomangira nyumba. Zimenezi n'zotsika mtengo ndipo zimatenga ana ambiri nthawi imodzi kuposa chitsulo chachikulu chimene amachita kulimbirana.

Mlezi atakhala pampando wake aziona ngodya zonse. Chilichonse chobisa mwana, monga kanyumba kotsekeka kapena mpita wautali, chichotseni pa pulani.

Zinthu ziwiri ndikukulangizani kuti musaike m'nyumba. Choyamba ndi katungwe. Amafuna malo opanda kanthu kutsogolo ndi kumbuyo, mbali iliyonse kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtanda wake, ndiye mtanda wa mamita awiri ukudya mamita asanu ndi atatu a chipinda. Katungwe apite panja. Chachiwiri ndi dziwe la timipira tapulasitiki lija mumaliona m'malo odyera a m'tauni. Ana amalikonda zedi, koma mwana mmodzi akadzikodzera kapena kusanzamo, timipira tonse tiyenera kutsukidwa kamodzikamodzi, ndipo m'nyengo ya matenda otsekula m'mimba palibe mlezi angakwanitse zimenezo.

Miyeso yopatsa mmisiri

Gawo ili ndilo mtima wa ntchito yonse, ndipo ndikupemphani kuti muliwerenge limodzi ndi mmisiri wanu. Manambalawa sanachokere m'mutu mwanga, ndi amene amatsatidwa m'malamulo a zoseweretsa ana ku Ulaya ndi ku America, ndipo anapezeka poyeza matupi a ana.

Mpata woopsa kwambiri ndi wa pakati pa masentimita 9 ndi 23. Thupi la mwana wamng'ono limadutsa pampata wa masentimita 9, koma mutu wake, umene ndi waukulu kuposa chifuwa, sudutsa. Miyendo ikapanda kugunda pansi, mwanayo amalendewera pakhosi, ndipo satha n'kukuwa komwe. Ndicho chinachitikira kamtsikana kaja. Choncho mpata uliwonse, kaya wa pakati pa zitsulo za mpanda, pakati pa makwerero, kapena pakati pa chokwerapo ndi khoma, ukhale wochepera masentimita 9 kapena woposa 23. Pangani zoyezera zanu: kathabwa kokhuthala masentimita 9 ndi mbale yapulasitiki yotambalala masentimita 23. Paliponse pamene kathabwa kadutsa, mbale nayo idutse. Kathabwa kakadutsa mbale n'kukanika, pamenepo pakonzedwe. Samalaninso ndi pamene matabwa awiri akumana ngati chilembo cha V choyang'ana kumwamba, chifukwa khosi kapena chingwe cha juzi chimakodwa pomwepo.

Zala nazo zili ndi muyeso wake, mamilimita 8 mpaka 25. Bowo limene pensulo ikulowa koma mtengo wa mopu sukulowa, litsekeni. Mapaipi onse atsekedwe kumapeto. Mabawuti adulidwe ndi kupalidwa, kapena avekedwe nati yamutu wobulungira. M'mphepete mwa thabwa lililonse mupalidwe mpaka muthe kuyendetsapo tsaya lanu.

Tsopano kutalika. Mwana akagwa kuchokera pamwamba poposa masentimita 60, simenti yokha ikhoza kumuvulaza mutu kwambiri, ndiye pamafunika choyala chofewa. Ine ndimati kansanja ka ana osakwana zaka zitatu kasapose masentimita 60, ka okulirapo kasapose mita imodzi. Amisiri ena adzakuuzani kuti n'chachifupi, ana sasangalala. Musamvere. Mwana wa zaka zinayi akaima pa mita imodzi amadziona ngati ali pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje. Kansanjako kazunguliridwe ndi mpanda wosachepera masentimita 70, wa timitengo toimirira, osati topingasa, poti topingasa amatisandutsa makwerero. Ataimirira pamwambapo n'kutambasula dzanja, asafike pa mtanda wa denga, pa babu kapena pa fani.

Chotsetserekapo chikhale chopendekeka pang'ono: mtunda wa pansi ukhale pafupifupi kawiri kukwera kwake. M'mbali mukhale timipanda ta masentimita 10, ndipo kumapeto kugone pang'ono kuti mwana asafike pansi ndi liwiro lonse. Ngati mukuchikuta ndi lata, likhale limodzi lathunthu kuchokera pamwamba mpaka pansi, m'mphepete mopindira kunsi. Polumikiza malata awiri ndi pamene pamacheka ntchafu.

Kuzungulira chokwerapo chilichonse pasakhale khoma, mpando kapena chitsulo china pa mtunda wa mita imodzi ndi theka. Zingwe zolendewera, za makatani ndi za zokongoletsa zomwe, zisapezeke. Ku ngodya ya makanda, kanthu kalikonse kolowa m'kachubu ka pepala la kuchimbudzi n'koti mwana akhoza kutsamwa nako, kotero zitsekerero za mabotolo ndi nthanga za bawo zikhale kwa akuluakulu okha.

Choyala pansi

Mphasa, mkeka ndi kapeti zimateteza ku kuzizira, koma mutu wa mwana siziuteteza. Matiresi ogonera nawonso amanyenga: ndi ofewa, moti mwana akagwerapo amapanikiza siponji yonse n'kugunda simenti. Chofunika ndi siponji yolimba, yonga ya mateti a masewera olimbitsa thupi. Poyesa, gwadirani ndi bondo limodzi mwamphamvu. Mukamva simenti, siyoyenera. Kuyesa kumeneku n'kwa kumudzi chabe, ndiye ngati mukugula mateti opangiratu ku Blantyre kapena ku Limbe, funsani pepala losonyeza kutalika kumene matetiwo anayesedwa kuti amateteza, ndipo kansanja kanu kasapose pamenepo.

Siponjiyo ikutidwe ndi lona wosalowa madzi. Telala wosoka mipando ya galimoto amaidziwa ntchitoyi. Asoke zidutswa zoti anthu awiri angathe kunyamula n'kukayanika padzuwa, zipi ikhale kunsi, ndipo zidutswazo zizimangirirana kuti zisatalikirane n'kusiya mpata pamene mwana akugwera. Choyalacho chifike mita imodzi ndi theka ija mbali zonse. Ndalama zikaperewera, chepetsani zokwerapo, musachepetse choyala.

Matabwa, penti ndi matayala

Munthu akabwera n'kukunong'onezani kuti ali ndi matabwa a mkungudza osadyeka ndi chiswe, mubwezeni. Mtengo umenewu ndi wotetezedwa ndi lamulo, watsala pang'ono kutheratu m'phiri lathuli, ndipo holo ya khonsolo isakhale msika wake. Paini ndi wosavuta kupala koma chiswe chimamukonda, ndiye miyendo yake ikhale pa timapazi tachitsulo kapena tarabala, isagunde simenti. Bulugamu ndi wolimba, koma wosauma amang'aluka pambuyo pake n'kusiya mipata yopana zala. Funsani matabwa ouma, ndipo mukawaone nokha asanadulidwe.

Oyilo wakutha wa galimoto, amene ambiri timapaka pamitengo ya khola, asayandikire m'chipinda chino. Matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala nawonso ayi, chifukwa ena mwa mankhwalawo ali ndi poizoni, ndipo ana amanyambita chilichonse. Chiswe chithane nacho ndi mmisiri m'nthaka ndi m'maziko, ana kulibe.

Penti ndiye nkhani imene anthu ambiri sanaimvepo. Penti wina wa oyilo, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo mwakachetechete, mwana n'kumavutika m'kalasi popanda wodziwa chifukwa, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi. Gulani penti wosungunula ndi madzi, wokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo werengani pachitini ngati alembapo kuti mulibe mtovu. Chitinicho chifike chosatsekula, mutsekule pamaso pa komiti.

Matayala akale ndi abwino popanga mipando ndi podumphira. Atsukeni ndi sopo, onani kuti mawaya sakutuluka, ndipo abooleni kunsi kuti madzi okolopera asaime m'kati n'kuswetsa udzudzu.

Kuzula zakale ndi kuika zatsopano

Pozula, ana asapezeke pamalopo ngakhale ongoonerera. Penti wakale musamupale pouma, fumbi lake ndilo limanyamula mtovu uja. Nyowetsani kaye, palani, sonkhanitsani zonyowazo m'thumba, kenako kolopani kawiri. Amayi oyembekezera asagwire nawo ntchito imeneyi. Matabwa opaka penti kapena mankhwala asapite kukakhala nkhuni, ngakhale wina apemphe bwanji, chifukwa utsi ndi phulusa lake zimathera pa chakudya. Mabawuti otsalira m'simenti adulidwe ndipo maenje atsekedwe.

Mmisiri musankhe pa makotesheni atatu, koma musangothamangira wotchipa. Pitani mukaone ntchito imene anagwirapo kale, mugwedeze geti kapena desiki imene anapanga chaka chatha. Pangano lilembedwe, miyeso yonse ija ikhale m'menemo, asaine iye ndi anthu awiri a komiti. Ndalama ziperekedwe m'magawo, ndipo gawo lomaliza lidikire mpaka ana atasewera mwezi wathunthu, chifukwa mabawuti amakhwefuka m'masabata oyambirira. Muuzeni zimenezi poyamba pomwe, mwaulemu, kuti asadzaone ngati mukumubera. Ife tinachita mwayi ndi bambo wina wachikulire amene poyamba anadabwa ndi mbale yathu yoyezera, koma pofika sabata yachiwiri ankaiitanitsa yekha: “Mayi, tabweretsani mbale ija tione pano.”

Chokwerapo chimangidwe kusimenti kapena kukhoma ndi mabawuti, mashelefu ndi makabati chimodzimodzi, poti ana amakwera chilichonse. Akamaliza, munthu wamkulu wonenepa bwino akwerepo, adumphe, agwedeze. Kenako gwadaninso monga tsiku loyamba lija, kathabwa, mbale ndi pensulo zili m'manja, ndipo wa kukhonsolo akhalepo. Mazenera akhale otsekula mpaka fungo la penti litatheratu. Mwambo wotsegulira udikire fungolo, osati fungo kudikira mwambo.

Mukatsegula

Malamulo akhale ochepa, olembedwa m'Chichewa pakhomo: nsapato zitsale panja, chakudya chidyedwe pakhonde, mwana asasiyidwe popanda wamkulu, ndipo chiwerengero cha ana olowa nthawi imodzi chisapose chimene alezi anena. Mwana wotsekula m'mimba, wa zidzolo kapena wa maso ofiira ayambe wachira. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira, ndiye ndowa yampopi ndi sopo zikhale pakhomo tsiku lililonse. Ndowayo ikhale yovundikira ndi pamalo okwera, chifukwa mwana wongoyamba kuyenda akhoza kugwera chamutu m'ndowa ya madzi ochepa n'kumira. Mateti apukutidwe ndi sopo, kenako ndi madzi a klorini osungunula monga alembera pabotolo, osasakaniza ndi mankhwala ena. M'miyezi yozizira wina adzafuna kulowetsa mbaula kuti ana afundidwe. Mukanizeni, utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha osanunkha. Ndipo ana ali m'kati, loko asakhale pachitseko.

Sankhani munthu mmodzi, dzina lake lilembedwe m'kope, woti Lolemba lililonse aziyendera chipindacho kwa mphindi khumi: kugwedeza miyendo, kumanga mabawuti, kutembenuza mateti, kuyang'ana mizere ya dothi la chiswe m'makoma. Chimene wapeza alembe ndi deti lake. Mvula yoyamba ikagwa, apite tsiku lomwelo akaone denga. Kopelo lisungidwe m'kabati yokhoma pamodzi ndi sipanala, mabawuti otsala, chidutswa cha lona, penti wotsala, kathabwa kaja ndi mbale, ndipo pachikuto palembedwe nambala ya foni ya mmisiri amene anapanga zinthuzo.